Fyuluta ya oyilo ya madola 3, ya 7 ndi ya 15: zimasiyana pati?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Mufakose, mu Harare. Alemba motere: "Ndili ndi Honda Fit ya 2010 yomwe ndimayendera ku ntchito ku Msasa, Loweruka n'kumanyamulira katundu wa mayi akunyumba ku Mbare Musika. Mwezi watha ndinapita ku Kaguvi Street kukagula fyuluta ya oyilo. Mnyamata wa m'sitolo anandiyalira zitatu pa kauntala, ya madola 3, ya madola 7 ndi ya madola 15, n'kunena kuti zonse zimalowa. Ndinatenga ya madola 3. Chiikireni, ndikaliza galimoto m'mawa injini imayamba yasokosa ngati misomali m'chitini, ndipo kanyali kofiira ka oyilo kamachedwa kuzima. Kodi ndi fyulutayo? Nanga zitatu zija zimasiyana pati, poti kunja zikufanana? Mu Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi ku Ntcheu."

Achimwene, mwachita bwino kufunsa injini isananoke. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Inde, fyulutayo ndikuikayikira kwambiri, ndipo ndikukupemphani kuti muichotse sabata yomwe ino, musadikire sevisi yotsatira. Koma mawa m'mawa, musanalize galimoto, yambani mwasolola kandodo koyezera oyilo, mukapukute, mukabwezere n'kuonanso. Ngati oyilo ali pansi pa chizindikiro, vuto likhoza kukhala lomwelo. Ngati ali pamlingo wake, ndiye tiyeni tiione fyulutayo.

Mukaitembenuza fyuluta mudzaona bowo lalikulu la mazinga pakati, ndi timabowo ting'onoting'ono tolizungulira. Pampu imakankha oyilo kulowera m'timabowo timeneto, oyiloyo n'kudutsa pepala lopindapinda lomwe lili m'kati, kenako n'kutulukira pa bowo lapakati kupita ku ma bearing a crankshaft, ku camshaft ndi ku tcheni cha timing. Tsopano suzumirani m'timabowo tija. Kuseri kwake kuli kalabala kokhala ngati chivundikiro. Injini ikamalira kalabalako kamagonja, oyilo n'kumadutsa. Mukangozimitsa kamatseka, kuti oyilo yemwe ali m'fyuluta ndi m'timisewu ta injini asatsikire usiku mu sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Kakakhala kouma, kopyapyala kapena kosakhala bwino pamalo pake, pofika m'mawa fyuluta imakhala ili gwa, yopanda kanthu. Mukaliza galimoto pampu imayamba kaye yadzaza chitini chija, ndipo pa masekondi amenewo zitsulo zimakhala zikukhulana zouma. Phokoso mukulimvalo ndi limenelo, ndipo kanyali kamachedwa kuzima chifukwa mphamvu ya oyilo imakhala isanafike. Injini siifera pomwepo ayi, koma imadyeka pang'onopang'ono m'mawa uliwonse.

Kalabala kameneka kamabwera mitundu iwiri. Kakuda ndi ka nitrile, ndipo kakakhala kopangidwa bwino kamagwira ntchito mpaka sevisi ina popanda vuto, kungoti kamauma kakapsa nthawi yaitali. Kofiirira ngati njerwa kapena ka olenji kawirikawiri kamakhala ka silicone, komwe kamapirira kutentha ndipo sikauma msanga. Mtundu wokha usakunamizeni, chifukwa opanga zafeki nawo anaphunzira kupaka labala utoto. Chimene ine ndimachita pa kauntala ndi ichi: ndimapukuta fyuluta, n'kuika pakamwa pa bowo lapakati, n'kuuzira mwamphamvu. Mpweya ukamatulukira m'timabowo tam'mbali mosavuta, kalabalako sikakutseka, ndipo ndimaibweza pomwepo.

Tsopano mawu aja oti "zonse zimalowa". Mawu amenewa apha injini zambiri mu Harare muno kuposa mtunda wautali. Kulowa kokha si umboni woti fyuluta ndi ya galimoto yanu. Honda ndi Nissan zambiri zimagwiritsa ntchito mazinga a M20x1.5, kutanthauza mamilimita 20 m'mimba mwake ndipo mzinga uliwonse watalikirana ndi unzake ndi milimita 1.5. Toyota zing'onozing'ono za petulo, monga Probox, Vitz ndi Corolla za injini ya 1NZ kapena 1ZZ, zili ndi mazinga a 3/4-16, omwe ndi a mainchesi: mamilimita 19.05 m'mimba mwake, ndipo kutalikirana kwake ndi pafupifupi 1.59. Mukuona kuyandikana kwake? Fyuluta ya Honda imatha kupotokera pa injini ya Toyota, n'kufika mpaka pa gasiketi, labala yozungulira yotseka kuti oyilo asadonthe, munthu n'kumati yagwira. Koma imakhala yangokola nsonga za mazinga basi.

Ndinaziona ndi maso anga pa galaja yathu ku Gazaland. Anatikokera Probox ya mayi wina wogulitsa mazira, yomwe inaima pa Seke Road ikuchokera ku Chitungwiza. Pansi ponse panali oyilo, kuyambira pa sampu mpaka ku bampala ya kumbuyo. Fyuluta inali ikadalipo koma itapendekeka, gasiketi itatumphukira kunja ngati lilime. Nditaigwedeza ndi zala ziwiri inachita khwekhwerere n'kugwera m'manja mwanga. Inali ya M20, yoikidwa ndi munthu wina wa m'mbali mwa msewu masiku anayi m'mbuyomo. Mayiwo anaona kanyali kofiira koma anati afike kaye pa malo abwino oimapo, ndipo mtunda wochepa womwewo unakwanira kuti ma bearing apse. Anakhala pa benchi yathu atagwira tsaya, matileyi a mazira ali m'galimoto. Kwa inu a Honda ngozi yake imabwera mwina: fyuluta ya Toyota imakana ikangozungulira kamodzi kapena kawiri, ndipo wina akaiumiriza ndi sipanala amaononga mazinga a pa injini.

Kupatula mazinga, palinso kukula kwa gasiketi, kutalika kwa chitini, ndi china chomwe sichioneka kunja, chomwe ndi valavu ya bypass. Pepala likatsekeka ndi litsiro, kapena oyilo akalimba ndi kuzizira, valavu imeneyi imatseguka kuti oyilo alambalale pepala n'kupita ku injini osasefedwa, poti oyilo wakuda ndi wabwino kusiyana ndi kusowa oyilo. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri imatseguka mphamvu ya mbali ziwiri za pepala ikasiyana ndi pafupifupi 1 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankha), koma wopanga injini aliyense ali ndi mlingo wake. Sipuling'i yake ikakhala yofooka, valavu imangokhala yotseguka, ndiye kuti mukuyenda ndi chitini chongokongoletsa, oyilo sakusefedwa. Ikakhala yolimba kwambiri, kapena ikakhala kuti mulibemo, pepala limang'ambika kapena kukhwinyata, zidutswa zake n'kulowa m'injini. M'mafyuluta afeki omwe ndadulapo, ena ndinapeza malo a valavu angodinda chizindikiro pa chitsulo, valavu yeniyeni mulibe.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikukhudza phokoso lanu lija. Simunandiuze kuti munathira oyilo wanji. Kuno anthu ambiri amathira oyilo wolimba wa 20W-50 m'galimoto iliyonse, ati ndiye wamphamvu. Oyilo ameneyo anali woyenera ma Peugeot 504 ndi ma Datsun omwe tinaphunzirirapo ntchito. Injini ya Fit inapangidwira oyilo wopyapyala, 0W-20 ku Japan, ndipo kuno 5W-30 amaiyenera bwino. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi, pomwe kuzizira kwa Harare kumatsika pansi pa madigiri 10, 20W-50 amakhala ngati uchi. Amachedwa kukwera, ndipo amakankha valavu ya bypass kuti ikhale yotseguka nthawi yaitali. Ngati ndi amene ali mu sampu yanu, msintheni limodzi ndi fyuluta. Injini imeneyi siidya oyilo wopitirira malita 4.

Nanga pepalalo? Ndiye mtima wa fyuluta, ndipo ndi pomwe opanga zotchipa amabera kwambiri chifukwa akudziwa kuti simudzaliona. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi maikuloni 70. Tizitsotso tomwe timadya injini ndi tating'ono kuposa pamenepo, ta maikuloni 20 kutsika m'munsi, ndipo diso silingatione. Pepala wamba ndi la cellulose, lochokera ku mitengo. Lilipo lina la ulusi wopangidwa ku fakitale, lomwe limagwira tizitsotso tating'ono kwambiri komanso kusunga litsiro lambiri lisanatsekeke, ndipo mafyuluta ambiri abwino amasakaniza ziwirizi. Makampani akuluakulu amayeza mafyuluta awo potsata muyezo wa ISO 4548-12, ndipo ena amalemba pa bokosi kuti fyuluta imagwira magawo angati pa 100 a tizitsotso ta kukula kwakuti. Bokosi likangolemba kuti 99% osatchula maikuloni, silinakuuzeni kanthu, poti ngakhale sefa ya ufa imagwira 99% ya miyala.

Ndikupatseni ntchito imodzi yomwe idzakutsegulani maso kuposa zonse ndalembazi. Mukaichotsa ya madola 3 ija musaitaye. Isiyeni chozondoka usiku wonse kuti oyilo akhe, kenako muidule ndi sowo mozungulira, pafupi ndi mbale ya mazinga. Sololani za m'kati. Werengani mapindo a pepala, muone ngati atalikirana mofanana kapena aunjikana mbali imodzi kwina kuli mpata. Onani pomwe pepala lalumikizana, ngati pamatidwa bwino kapena payasama. Kandani guluu ndi chikhadabo. Wabwino sachoka, wachabe amanyotsoka ngati sopo wouma. Kenako tambasulani pepalalo pansi. Ife pa galaja timatero pophunzitsa anyamata: timayala la fyuluta yabwino ndi la yotchipa moyandikana pa simenti, ndipo nthawi zambiri lotchipalo limathera panjira linzake likupitirira. Pepala lochepa limadzaza msanga, likadzaza bypass imatseguka, ndipo theka lotsala la sevisi yanu mumayenda ndi oyilo wosasefedwa.

Chenjezo limodzi pa kudulako. Ena akapeza kuti m'mapeto mwa pepala mulibe zivundikiro zachitsulo amafuula kuti ndi feki. Si choncho nthawi zonse. Alipo mafyuluta enieni a Toyota ndi a Honda omwe m'mapeto mwake anamata ndi guluu wolimba kapena chikatoni chapadera, ndipo amagwira ntchito bwinobwino. N'chimodzimodzi kulemera. Fyuluta yopepuka kwambiri ngati chitini cha kokakola ndi yokayikitsa, koma yolemera si kuti ndiye yabwino, chifukwa chitsulo n'chotchipa kuposa pepala labwino.

Tibwerere pa kauntala paja. Musapite kukagula ndi mawu oti "ya Honda Fit" okha, chifukwa Fit zilipo mibadwo ingapo. Tsegulani boneti kapena onani kambale ka pa mphuthu ya chitseko, mulembe nambala ya chasisi. Ya 2010 kawirikawiri imakhala GE6 ngati ndi ya 1.3, ya injini ya L13A, kapena GE8 ngati ndi ya 1.5, ya injini ya L15A, ndipo ya hybrid ndi GP1. Muonenso nambala yodindidwa pa injini penipenipo, poti galimoto zambiri kuno zinasinthidwapo injini ndipo buku la galimoto limanena zakale. Nambala ya fyuluta ya Honda imayamba ndi 15400, ya Nissan ndi 15208, ya Toyota yachitini ndi 90915. Makampani ena ali ndi manambala awo: GUD ya ku South Africa imayamba ndi Z, Mann-Filter ndi W, Mahle ndi OC. Sitolo yodziwa ntchito imakhala ndi kabuku kapena kompyuta yofananitsira manambalawa. Muuzeni wogulitsa akuonetseni pomwe palembedwa kuti fyuluta yakutiyakuti ndi ya L13A. Akangoitenga pa shelefu n'kuiyerekeza ndi maso, pitani sitolo ina, Kaguvi ndi wautali.

Kwa anzathu a Toyota Wish ya m'badwo wachiwiri, yoyambira 2009, ndi galimoto zina za injini ya 2ZR, zambiri mwa izo sizikhala ndi chitini. Mumangosintha pepala lokha lomwe limalowa m'chivundikiro, nambala yake imayamba ndi 04152. Ubwino wake ngwakuti pepalalo mumaliona ndi kuligwira musanalipire. Onetsetsani kuti m'bokosi muli labala yatsopano yozungulira, ndipo chivundikirocho chisamangidwe mopitirira 25 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira, chifukwa chimasweka.

Ndiye pa zitatu zija ndingatenge iti? Ya madola 3 ndaikana kale. Ikakhala m'bokosi lolembedwa Honda kapena Toyota pa mtengo umenewo, ndiye ndiikana kawiri, chifukwa yeniyeni singafike kuno kuchokera kutali, kulipira msonkho ndi lendi ya sitolo, n'kugulitsidwa motero. Dzina lalikulu ndi lomwe akuba amakonda kukopera. Ya madola 15 ndi yabwino ngati ikuchokeradi kwa dila kapena sitolo yodziwika, koma mtengo wokwera pawokha si chitsimikizo, poti feki yomweyo wina akhoza kuikweza mtengo akaona kuti mwavala bwino. Ine pa Fit yoyenda m'tauni, yosinthidwa oyilo pa nthawi yake, ndingatenge yapakatiyo, bola ikhale ya kampani yodziwika yopanga mafyuluta monga GUD, Fram, Mann-Filter, Mahle, Bosch kapena Sakura, nambala yake ikhale yogwirizana ndi injini, ndipo wogulitsa akhale wa sitolo yokhazikika yopereka lisiti. Kwa ine funso loti mwagula kwa ndani limalemera kuposa loti mwagula dzina liti. Munthu amene ali ndi sitolo yomwe mudzaipeza pomwepo chaka chamawa amaopa kukugulitsani chinyengo. Wokuthamangirani pa windo la galimoto ndi chikwama alibe choti ataye.

Itulutseni m'bokosi musanalipire. Zilembo za pa bokosi ndi pa chitini zikhale zakuthwa, zosafufutika mukazikanda ndi chala, zopanda mawu olakwika. Mazinga akhale osalala, opanda tizitsulo totsalira kapena dzimbiri. Gasiketi ikhale yofewa, yokhazikika m'ngalande yake, osati yongogwa mukaikhudza. Igwedezeni pafupi ndi khutu. M'kati musamveke kugubuduka. Unikani ndi tochi ya foni m'bowo lapakati, muone chitoliro chachitsulo chobowolabowola ndi pepala kuseri kwake. Chitini chikakhala chophwanyika ngakhale pang'ono, chisiyeni, chifukwa pophwanyikapo ndi pomwe chimadzang'ambikira.

Kusiyana kwa madola 4 pakati pa yotchipa ndi yapakati mukakugawa pa makilomita 5,000 sikufika ngakhale senti imodzi pa makilomita 10. Injini ya Fit yochokera ku Japan ndi madola mazanamazana, osawerengera makaniko ndi masiku oyenda pa kombi.

Za nthawi yosinthira, ine ndimati makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chomwe chayamba kukwana, ndipo fyuluta isinthidwe nthawi iliyonse mukusintha oyilo. Mabuku a opanga galimoto amatchula mtunda wotalikirapo, koma mabuku omwewo ali ndi gawo la galimoto zogwira ntchito yolemetsa, ndipo ife ndi momwe tili: fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala, misewu yokumbika, kuima-ima pa mzere wa m'mawa wolowa m'tauni, maulendo afupiafupi oti injini siitentha mokwanira. Chizolowezi chosintha oyilo n'kusiya fyuluta yakale ndimachidana nacho, chifukwa m'chitinimo mumatsala oyilo wakuda yemwe amasakanikirana ndi watsopano pa mphindi yoyamba. Musaiwalenso fyuluta ya mpweya. Fumbi lambiri lomwe fyuluta ya oyilo imalimbana nalo limalowera kumeneko.

Poika, imani pafupi muziona, ngakhale makanikoyo akhale mbale wanu. Akachotsa yakale aone ngati gasiketi yake yatuluka nayo. Ikatsalira pa injini, yatsopano n'kukhala pamwamba pake, magasiketi awiriwo amaphulika galimoto ili pa liwiro ndipo oyilo yense amatha pa mphindi zochepa. Apukute pokhalira, apake oyilo watsopano pa gasiketi ndi chala, amange fyulutayo ndi dzanja mpaka gasiketi igunde, kenako aonjezere magawo atatu a magawo anayi a kuzungulira kumodzi, kapena monga palembedwera pa chitini. Sipanala ya tcheni ndi yomasulira, si yomangira. Akatha lizani injini, kanyali kazime pa masekondi ochepa, muisiye ilire pang'ono, musuzumire pansi ngati pakudontha, muzimitse, mudikire mphindi zisanu n'kuyezanso oyilo. Oyilo wakaleyo musalole kuti athiridwe m'ngalande. Ngalande zathu zimathera mu Mukuvisi ndi Marimba, mitsinje imeneyi n'kukathira mu Lake Chivero, momwe timamwa tonse. Muikeni m'chigubu, alipo omwe amatolera.

Mayeso enieni adzakhala m'mawa wotsatira, galimoto itagona usiku wonse. Phokoso likatha ndipo kanyali kakazima msanga, wolakwa anali fyuluta ija. Likapitirira, musayendenso nayo mtunda. Pitani kwa makaniko yemwe ali ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo, aimange pomwe pamakhala switch ya kanyali, ayeze injini ili yozizira komanso itatentha. Mphamvu ikakhala yochepa, atsitse sampu aone kasefa ka pakamwa pa pampu, chifukwa galimoto zomwe zinkadumphitsidwa sevisi zimakhala ndi phala lakuda lotseka pamenepo. Mphamvu ikakhala yabwino koma phokoso lilipobe, aone tensioner, kachipangizo kokunga tcheni cha timing.

Za ulendo wa ku Ntcheu, sevisi muichite kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, osati madzulo oti mawa mukunyamuka, kuti ngati pali podontha muonere kuno. Njira ya Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi yotentha kwambiri mu Disembala, makamaka potsikira ku Zambezi, ndipo galimoto idzakhala yodzaza ana ndi katundu, kenako n'kukwera mapiri a ku Zobue. Nyamulani lita imodzi ya oyilo yemweyo, fyuluta ina ya nambala yomweyo ili m'bokosi lake, ndi kansalu kopukutira. Muziyeza oyilo pa boda iliyonse pomwe mukudikira mapepala, galimoto itaima pamalo osapendekeka. Kanyali kofiira kakayaka muli pa liwiro, patukani n'kuzimitsa pomwepo, ngakhale pakhale pa tchire.